Kamba wopunduka chigoba akafuna kuikira: pamene pamavuta ndi zoyenera kuchita

Kamba wamkazi amene masiku onse amagona phee pansi pa nkhokwe wayamba kuzungulira m'mbali mwa mpanda. Akugunditsa mphuno pansi ngati akununkhiza, akupalasa ndi miyendo yakumbuyo, kadzenje kakangofika zala zitatu akukasiya n'kukayamba pena. Nkhwani umene amaukonda lero wangoulawa. Kwa kamba wa chigoba chabwinobwino zimenezi sizidetsa nkhawa: ali ndi mazira, akufuna malo, akawapeza aikira n'kukwirira. Koma ngati chigoba chake chili ndi zitunda, chinaphwatalala kumbuyo, n'chofewa, kapena chinapsapo ndi moto wa tchire, masiku amenewa ndi amene moyo wake uli pachiswe. Ndipo vutoli silibwera kamodzi. Limabwerera chaka ndi chaka, mwinanso kangapo m'chaka chimodzi.

Ambiri amaganiza kuti popanda wamwamuna palibe mazira. Si choncho. Kamba wamkazi akakhwima amatha kupanga mazira ali yekhayekha, monga imachitira nkhuku yopanda tambala. Mazirawo saswa, koma kukula kwake ndi kuuma kwake n'chimodzimodzi, ndipo ayenera kutulukira pakhomo lomwelo. Komanso wamkazi amene anakweredwapo amasunga mbewu ya wamwamuna m'thupi kwa zaka zingapo, moti kamba amene wakhala yekha pakhomo panu zaka ziwiri atha kuikira mazira amoyo lero.

Dziwani kaye mtundu wa kamba wanu

Akamba a pamtunda amene amapezeka m'makomo ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi a mitundu iwiri makamaka. Woyamba ndi wamkulu uja wa chigoba chotumphuka, chamawangamawanga ngati kambuku, amene asayansi amamutcha Stigmochelys pardalis. Chakudya chake chenicheni ndi udzu, ndipo wamkazi wokhwima amatha kupitirira makilogalamu 10. Mazira ake ndi oyera, olimba, ozungulira ngati ndimu, masentimita 4 mpaka 5 mulifupi. Amaikira kuyambira 5 mpaka 30 padzenje limodzi malinga ndi kukula kwake, ndipo amatha kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi.

Wachiwiri ndi wamng'ono, wa gulu la Kinixys, amene sapitirira kwenikweni masentimita 20. Ameneyu amadya zosakaniza: bowa, nkhono, abongololo, zipatso zakugwa ndi masamba. Amaikira mazira ochepa, 2 mpaka 6, otalikirapo, nthawi zambiri m'dzinja. Pachigoba chake chapamwamba, chakumbuyo, pali mzere wopingasa pamene chigobacho chimapindika n'kutseka miyendo ndi mchira ngati chitseko. Umenewo si mng'alu. Anthu ena amaumata ndi guluu kapena phula poganiza kuti kamba anasweka, ndipo potero amatseka njira imene mazira amadutsira, chifukwa dzira la kamba ameneyu ndi lalikulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo limadalira kuti chitsekocho chikwezeke.

Khomo lakumbuyo

Dzira la kamba limadutsa malo awiri opapatiza. Oyamba ndi mafupa a m'chiuno, amene ali m'kati ndipo simungawaone. Achiwiri ndi mpata wa pakati pa m'mphepete mwa chigoba chapamwamba ndi chigoba chapansi, pamene pali mchira. Nyama zina mafupa ndi mnofu zimatanuka pobereka. Kamba wa mawanga ayi: mpatawo ndi fupa pamwamba, fupa pansi, ndipo dzira nalo ndi louma. Mpatawo ukachepa ndi theka la sentimita, dzira silituluka.

Mpata wakunjawu mukhoza kuuyeza nokha. Munthu mmodzi anyamule kamba ndi manja awiri, chamimba chili pansi, akweze kumbuyo pang'ono. Wina atenge kamtengo kowongoka, aike nsonga yake pakati pa mphanda ya chigoba chapansi, pamene pamaoneka ngati chilembo V, ayeze kufika m'mphepete mwa chigoba chapamwamba, kenako ayerekeze pa rula. Kwa kamba wa mawanga wokhwima, mpata wosafika masentimita 4 ndi chenjezo lalikulu. Ngati anaikirapo kale ndipo munasunga dzira limodzi, ndiye muyeso wabwino koposa, chifukwa mazira a kamba mmodzi sasiyana kwambiri. Yang'ananinso ngati chigoba cha pamwamba pa mchira chinapindikira m'kati ngati mbedza. Muyesowu ukatuluka bwino musatayirire, chifukwa kamba amene anakula ndi mafupa ofewa amatha kukhala ndi chiuno chopapatiza ngakhale khomo lakunja lili lotakasuka.

Chitani zimenezi mwachangu ndipo musazibwereze tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati kamba amanyera amene wam'tola, ndipo n'zoonadi, koma wotayapo kwambiri ndi kambayo. Madzi amene amatulutsa akachita mantha ndi nkhokwe yake ya m'chikhodzodzo, ndipo wamkazi amawafuna pofewetsa dothi akamakumba. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40 ku Ngabu kapena ku Bangula, kamba amene watayitsidwa madzi kawiri katatu amafooka msanga.

Kupunduka sikufanana

Zitunda zokhazokha, pamene kambale kalikonse ka pachigoba kanatumphuka ngati kachulu, sizitanthauza kuti kamba alephera kuikira. Akamba a mawanga ena akutchire nawo amakhala nazo pang'ono. Zimabwera kamba akakulira pamalo ouma kwambiri ali mwana, kapena akakula mothamanga chifukwa cha zakudya zonenepetsa monga nsima, madeya, nyemba ndi zotsala za m'mbale. Choopsa ndi pamene zitundazo zabwera pamodzi ndi msana wolowa m'kati chakumbuyo, chifukwa pamenepo ndi pamwamba penipeni pa chiuno.

Chigoba chofewa ndiye vuto lalikulu. Dinani pang'ono ndi chala chachikulu pachigoba chapansi ndi pamwamba pa mchira. Kamba wamkulu ayenera kuuma gwa ngati mphika. Akamabonyeka, akamayenda akukhwekhwereza mimba osatha kudzinyamula, mafupa ake alibe kashiamu wokwanira, mchere uja wolimbitsa mafupa. Zimachitika kwa kamba woleredwa m'nyumba, m'dramu kapena m'khola lofolera, amene saona dzuwa. Khungu lake limapanga vitamini D3 ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo popanda vitamini ameneyu kashiamu wa m'chakudya amangodutsa. Dzuwa lolowera pagalasi la windo silithandiza, galasi limatchinga kuwala kofunikako. Kamba wotere amagwa pawiri: chiuno chinapindika, komanso minofu yokankha mazira ilibe mphamvu, pakuti nayo imagwira ntchito ndi kashiamu yemweyo. Pamwamba pa izo, zigoba za mazira amene akupanga zimatenga kashiamu m'mafupa ake omwewo.

Ndiye pali mabala akale. Kuno kuchigwa cha Shire ambiri ndi a moto wa osaka mbewa, khasu la wolima, mano a galu, ndi boola lija anthu amaboola m'mphepete mwa chigoba kuti amangepo waya. Bala la kutsogolo silisokoneza kuikira. La kumbuyo, lomwe linapola mokhota kapena linaumitsa chitseko cha Kinixys, ndilo loyenera kuliyang'anitsitsa.

Wamwamuna akhale kwina

Kamba wamkazi wa chigoba chofewa, wa msana wolowa, kapena wa khomo lopapatiza asakweredwe. Pamenepa palibe zokambirana. Wamwamuna, amene mumamudziwa ndi mchira wautali ndi chamimba cholowa ngati mbale, sanyengerera: amagunda wamkazi m'mbali ndi chigoba chake, amamuthamangitsa tsiku lonse, kenako amamukwera ndi kulemera kwake konse kumbuyo, pamalo pomwe pali pofooka kale. Chigoba chimatha kung'aluka, khomo la pansi pa mchira limachita zilonda zimene ntchentche zimaikiramo, ndipo ngati muli kale mazira, ena amasweka m'kati. Wamkazi amene akuvutitsidwa chotere saikira ngakhale malo alipo.

Mpanda wowalekanitsa ukhale wosaonekera, wa njerwa, matabwa kapena bango lothithikana, wotalika kuwirikiza kawiri kutalika kwa chigoba cha wamkuluyo, ndipo ulowe pansi masentimita 20. Waya wa nkhuku sukwanira. Akamaonana amangokhalira kukankha mpanda mpaka kusupuka miyendo.

Malo oikira: apa ndi pamene ambiri amalakwitsa

Kamba wamkazi akasowa malo omukhutiritsa amasunga mazira. Amatha kuwasunga masabata, ngakhale miyezi. Pamene akukhalitsa m'thupi, chigoba chawo chimanka chikulimba ndi kukhakhala, mwinanso kumatirira ku njira ya mazira. Kwa kamba wa khomo lochepa kale, mazira amene akanadutsa movutikira mu Novembala sadutsanso mu Januwale. Choncho ntchito yaikulu ya mwini wake si mankhwala, ndi khasu ndi wilibala, ndipo iyenera kuchitika kamba asanayambe kupalasa.

Dothi lathu lili ndi vuto lake. Makande a ku Ngabu ndi madera ozungulira amauma ngati simenti m'chilimwe n'kung'ambika, mvula ikagwa amasanduka ulimbo. Kamba wathanzi amavutika nawo, ndiye kuli bwanji wa miyendo yofooka? Pabwalo losesedwa tsiku ndi tsiku napo m'pogangatika. Mchenga wokhawokha nawo sugwira, dzenje limagumuka iye akukumba, ndipo amalisiya.

Kumbani malo a mita imodzi mbali zonse, kuya masentimita 40 kwa kamba wa mawanga, kapena 20 kwa Kinixys. Chotsanimo miyala, mizu ndi zibuma. Sakanizani mchenga wa kumtsinje, monga uja wa mu Mwanza, ndi dothi lapamwamba la m'munda, ndowa imodzi kwa ndowa imodzi. Ngati dothi lanu ndi makande enieni, ikani ndowa ziwiri za mchenga pa ndowa imodzi ya dothi. Musaikemo manyowa kapena feteleza, ndipo musatenge dothi la m'munda wa thonje umene wapoperedwa mankhwala. Bwezerani zosakanizazo, muzipondeponda pang'ono, ndipo muunjike mpaka pakwere masentimita 15 kuposa pabwalo, potsetsereka pang'onopang'ono kuti kamba akwere osagudubuzika. Kukwezako n'kofunika kuno, kumene mvula ya usiku umodzi imadzaza bwalo lonse.

Chinyezi muchiyese ndi dzanja. Tapani dothi pakuya kwa chikhatho, fumbatani. Likagwirana ngati mbamu osadontha madzi, lili bwino. Likamwazika, thirani. Likatuluka m'mipata ya zala, lachuluka madzi, dikirani tsiku. M'nyengo yotentha thirani chitini chimodzi madzulo aliwonse, chifukwa akamba ambiri amayamba kukumba dzuwa litapendeka. Ngati mjigo wanu ndi wa madzi amchere, monga ilili yambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, gwiritsani ntchito madzi a mvula kapena ena osawawa, makamaka omwetsa ndi oviikamo kambayo.

Malowo aziwombedwa ndi dzuwa la m'mawa, koma masana pakhale mthunzi wa mtengo kapena chisakasa cha udzu. Akamba amakonda kukumba pafupi ndi chinthu, tsinde la chitsamba, chipika kapena khoma, osati pambalambanda. Ngati bwalo likulola, konzani malo awiri, ena adzuwa kwambiri, ena amthunzi, asankhe yekha. Kinixys muunjikireni masamba ouma pamwamba, amakonda kubisala akamaikira.

Akayamba kukumba, aliyense achoke. Ana, agalu, nkhuku, ngakhale inu amene. Amakumba ndi miyendo yakumbuyo mosinthanasinthana osayang'ana n'komwe, ndipo ntchito yonse, kukumba, kuikira, kukwirira ndi kusalaza ndi chamimba, imatha kudya maola anayi kapena kuposa, mpaka usiku. Musamuunike ndi tochi kumaso. Kamba wopunduka kumbuyo nthawi zina miyendo yake sifika pansi pokwanira, dzenje limatuluka losaya, kapena amaswa mazira pokwirira. Zimenezo zisakuvuteni. Chimene tikufuna ndi chakuti mazira atuluke.

Akudikira kapena akakamira?

Funso lovuta ndi limeneli, ndipo yankho lili pa mphamvu za kamba, osati pa kuchuluka kwa masiku kokha. Wamkazi amene maso ake ali gwa, akuyenda atadzinyamula, akumwa madzi, akudyako pang'ono, akuchita chimbudzi, angathe kuyesa maenje kwa sabata imodzi kapena awiri popanda choopsa. Ameneyo mukonzereni malo, mumuviike m'madzi, mudekhe. Kuviika kwake: beseni la madzi ofunda pang'ono, madigiri 28 mpaka 30, amene mukaviika chigongono simumva kutentha kapena kuzizira, akuya kufika pamene chigoba chapamwamba chimakumana ndi chapansi, mutu uli pamtunda. Mphindi 20 mpaka 30 m'mawa uliwonse, pamthunzi, wina akuyang'anira. Amamwa, amatulutsa chimbudzi ndi zoyera zija za mumkodzo, ndipo m'mimba mumapezeka malo. Zoyerazo zikamatuluka ngati phala zili bwino. Zikamatuluka ngati mchenga kapena timiyala, kamba ndi wouma m'thupi, ndipo mwala wa m'chikhodzodzo nawo umatha kutseka njira ya mazira.

Muyezeni pasikelo sabata iliyonse, tsiku lomwelo, asanaviikidwe, mulembe m'kope. Kulemera kukamakwera iye akudya pang'ono, mwina muli mazira. Kukatsika mwadzidzidzi usiku umodzi, waikira penapake, kafufuzeni.

Zizindikiro zakuti nthawi yodikira yatha ndi izi. Wakumba dzenje lonse, wakhalapo akudzikakamiza, khosi likulowa ndi kutuluka, kwa maola awiri kapena atatu popanda dzira. Waikira awiri atatu, kenako tsiku lotsatira akudzikakamizabe. Akuponya dzira limodzilimodzi pabwalo paliponse kwa masiku angapo. Miyendo yakumbuyo yayamba kukhwekhwereza. Wasiya kudya ndi kumwa, maso alowa m'kati, akungokhala malo amodzi. Pansi pa mchira pakutuluka magazi, zamadzimadzi zonunkha kapena zachikasu ngati yoki, kusonyeza kuti dzira lasweka m'kati. Kapena dzira likuonekera pakhomo koma lagunda chigoba. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, ndi nkhani ya dokotala wa ziweto tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Pakatuluka mnofu wofiira pansi pa mchira n'kusabwereranso, sambani m'manja, tsukanipo ndi madzi owiritsa ozizira, phimbanipo ndi kansalu koyera koviikidwa m'madzi a shuga wambiri, amene amathandiza kuphwetsa kutupa. Ikani kamba m'beseni loyera lopanda dothi, mufunditse neti pamwamba. Mnofuwo ukauma umafa, ndipo pa kutentha kwa kuno ntchentche sizichedwa, mphutsi zimaoneka pasanathe tsiku. Musaukankhire m'kati ndi kamtengo.

Zimene zimapha kamba pofuna kumuthandiza

Musafinye. Musalowetse chala, waya kapena supuni pakhomo pofuna kukoka dzira. Zidutswa za chigoba cha dzira zimacheka ngati lumo, ndipo yoki ikatayikira m'mimba imaola n'kupha kamba pang'onopang'ono. Kupapasa mazira polowetsa chala kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo kumatheka kwa wozolowera, koma dzira la kamba wosowa kashiamu ndi lopyapyala, ndipo Kinixys akatseka chitseko chake chala chili momwemo mumva kuwawa. Musadule kapena kupala chigoba ndi sowo kuti mukuze mpata. Pansi pa khungu louma lija pali fupa lamoyo, la magazi ndi mitsempha.

Chigwa chino ndi cha ng'ombe ndi mbuzi, choncho mankhwala a ziweto sasowa, ndipo sipalephera munthu wabwino mtima wokuuzani kuti amubaye oxytocin, jakisoni uja amathandiza ng'ombe kutulutsa zotsalira. Kwa kamba wa chigoba chabwino amene wangofooka, dokotala amagwiritsadi ntchito mankhwala amenewa. Kwa wopunduka ndi nkhani ina. Oxytocin amangolamula minofu kukankha, safunsa ngati khomo lili lotsegula. Dzira likakhala lalikulu kuposa njira, limasweka, kapena njira ya mazira imang'ambika, kapena dzira limakankhidwira m'chikhodzodzo, kumene silingatulukenso popanda opaleshoni. Asabayidwe asanajambulidwe pa X-ray.

Mankhwala ena oti muwakane kwamtuwagalu ndi ivermectin, wa njoka zam'mimba ndi nkhupakupa za ziweto. Kwa kamba ndi poizoni: amapuwalitsa ndi kupha ngakhale pamlingo wochepa. Nkhupakupa za kamba zichotseni ndi dzanja kapena kopanira, osati ndi dibi. Majakisoni a mavitamini a ng'ombe nawonso ayi.

Kwa dokotala

Yambirani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya ziweto ya paboma, koma dziwani kuti chofunika kwenikweni ndi X-ray, ndipo kawirikawiri zimenezi zitanthauza ulendo wokwera ku Blantyre. Imbani foni kaye, mufunse ngati makina alipo ndiponso ngati dokotalayo amaona akamba. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Kamba akhale m'katoni yolimba yoboolaboola, chamimba chili pansi, pansalu yonyowa pang'ono, nsanza zitamutchinga m'mbali kuti asagubuduke pa zitunda za ku Thabwa. Katoni isakhale m'buti kapena pamwamba pa injini ya minibasi, komanso isamangidwe pakaliyala ya njinga padzuwa. Kamba akayamba kutuluka thovu kukamwa, watenthedwa: muikeni pamthunzi, mumunyowetse ndi madzi wamba, osati a m'firiji. Tengani kope lanu la kulemera ndi dzira lililonse limene waikira.

Pachithunzi mazira amaoneka bwinobwino. Dokotala amawerenga alipo angati, amaona ngati lina ndi lalikulu, lopindika, losweka kapena lokhuthala chigoba chifukwa chokhalitsa, ndipo amayerekeza kukula kwake ndi mpata wa chiuno. Njira ikakhala yokwanira, amayamba ndi madzi m'thupi ndi jakisoni wa kashiamu, kenako oxytocin pamlingo wolingana ndi kulemera kwa kamba, ndipo mazira amatha kuyamba kutuluka pasanathe ola limodzi kapena awiri. Dzira likakakamira pakhomo, amatha kuliboola ndi singano, kukoka zam'kati, kuliphwanya mosamala n'kuchotsa zidutswa. Zikakanika, ndi opaleshoni, yodzera pakhungu la kutsogolo kwa mwendo wakumbuyo kapena yodula kawindo pachigoba chapansi. Yachiwiriyi bala lake limatenga chaka kapena kuposa kuti fupa ligwirane. Ngati afika pong'amba, kambiranani zochotseratu mbali zopanga mazira, chifukwa chiuno chopapatiza sichidzakula, ndipo chaka chamawa mudzabwereranso pomwepo.

Nthawi zina kamba amaonetsa kufooka konseku koma chithunzi osaonetsa dzira ndi limodzi lomwe. Amatha kukhala ndi mayoki ambiri amene anakula osavala chigoba n'kungokhala m'mimba. Amenewo amaoneka ndi sikani, ndipo malo oikira kapena oxytocin sizithandizapo.

Mazira akatuluka

Werengani mazira, ndipo ngati anajambulidwa, yerekezani ndi chiwerengero cha pachithunzi. Limodzi lotsala ndi lokwanira kumudwalitsa. Muviikeni m'madzi tsiku lomwelo, mumupatse msipu, apume pamthunzi.

Za mazirawo, langizo lathu ndi lakuti musawasiye kuti aswe. Kupunduka kobwera ndi chakudya, moto kapena khasu sikutengera ana, zimenezo n'zoona. Koma mazira a mayi wosowa kashiamu amakhala opyapyala, ndipo tiana 15 tofuna chinyezi, dzuwa ndi msipu woyenera kwa zaka ndi katundu amene, pakhomo pomwe panapundukira mayi wawo, adzatuluka ndi zigoba zomwezo. Fukulani mazira tsiku lomwelo kapena lotsatira, musanayambike kanthu m'kati, muwaswe n'kuwakwirira kutali. Kusiya m'dothi kumaitana ng'azi, agalu, makoswe ndi linthumbu pakhomo. Wamkazi safungatira ndipo sabwerera kudzawaona, ndiye simukumulanda kanthu. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira kamba kapena mazira ake, chifukwa akamba amanyamula tizilombo ta Salmonella, toopsa kwa ana aang'ono.

Palinso lamulo. Kamba ndi nyama yakutchire, ndipo kusunga, kuswetsa kapena kugulitsa kumayendera lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, komanso akamba onse a pamtunda ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama pakati pa mayiko. Ngati mulibe chilolezo, kapena mwaona kuti simungakwanitse kumusamala, lankhulani ndi a nthambi ya zinyama zakutchire, monga a ku Lengwe kapena ku Mwabvi. Musakamutaye nokha kutchire. Kamba woleredwa pakhomo atha kupatsira akutchire matenda, ndipo wopunduka sapirira chilimwe cha kumeneko.

Amene ali ndi chilolezo choswetsa mazira a kamba wathanzi akumbukire ziwiri. Dzira la kamba satembenuza ngati la nkhuku: lembani kachizindikiro ndi pensulo pamwamba musanalinyamule ndipo likhale momwemo. Kutentha koyenera ndi madigiri 28 mpaka 32, chakumunsi kumatulutsa amuna ambiri, chakumtunda akazi, ndipo kukapitirira 34 kwa masiku, monga zimachitikira m'nyumba ya malata kuno, ana amafera m'dzira kapena amabadwa ndi timbale ta chigoba tosokonekera. M'dothi, mazira a kamba wa mawanga amatha miyezi 8 mpaka 15 asanaswe.

Kumukonzekeretsa ulendo wotsatira

Chigoba chimene chinapindika sichiwongoka, koma chofewa chimatha kulimba pa miyezi ingapo, ndipo minofu imabwerera mphamvu. Kamba wa mawanga adye udzu koposa china chilichonse, kapinga ndi msipu wina wosapoperedwa, magawo atatu mwa anayi a chakudya chake. Gawo lotsalalo likhale chisoso, luni, nkhwani, kholowa, masamba a mabulosi ndi a cham'mwamba, chimene kuno sichisowa ndipo chili ndi kashiamu wambiri. Bonongwe pang'ono chabe, chifukwa ali ndi zina zotchinga kashiamu m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Chigwada chachiwisi ayi. Nsima, mpunga, madeya, buledi ndi nyama zichoke. Mango ndi mapapaya kwa wa mawanga zikhale zapatalipatali, pamene Kinixys azilandira zipatso, bowa wodyedwa ndi nkhono kawiri pasabata.

Kashiamu wotsika mtengo ali kukhitchini. Wiritsani zigoba za mazira a nkhuku mphindi 10, ziyanikeni, muzisinje mpaka zikhale ufa. Wazani pa masamba onyowa katatu pasabata, kachitsine ka zala ziwiri kwa Kinixys, theka la supuni ya tiyi kwa wa mawanga wamkulu, ndipo akayamba kuonetsa zizindikiro za mazira muzimupatsa tsiku lililonse. Laimu wosakaniza ku chakudya cha nkhuku zoikira amagwiranso ntchito. Laimu wopaka nyumba ayi, amawotcha kukamwa. Zonsezi n'zopanda pake ngati kamba saothera dzuwa, choncho khola likhale loti m'mawa, kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9, azitha kutuluka padzuwa, ndipo likakula azilowa yekha pamthunzi wozizira pomwe pali mbale yosaya ya madzi.

Malo oikira aja musawafafanize akangomaliza. Bwezeranimo dothi, pitirizani kuthirira, ndipo lembani tsikulo m'kope. Kuyambira tsiku la 20 yambaninso kumuyang'ana madzulo aliwonse, chifukwa kamba wa mawanga amene waikira lero kawirikawiri amakhala atayamba kale kupanga ena.